Nkhokwe ya m'injini

Galimoto yatsopano ya dizilo imatuluka m'fakitale ili ndi mphamvu imene mwini wake saloledwa kuigwiritsa ntchito. Zimenezi si nkhani za pamowa ayi. Aliyense wogwira ntchito ya magalimoto kuno ku Joni akudziwa kuti injini imene papepala alemba kuti ili ndi mphamvu yakutiyakuti ikhoza kutulutsa yoposa pamenepo popanda kumasula bawuti ngakhale imodzi. Chofunika ndi laputopu, kachingwe, ndi munthu wodziwa manambala oti asinthe. Ntchitoyi amaitcha remap, ena amangoti kutchuna, ndipo masiku ano ili ponseponse: m'magaraja a ku Booysens ndi Selby, ku Boksburg, ku Centurion, ngakhalenso pa Facebook, pamene anyamata amalonjeza kubwera okha kunyumba kwanu n'kumaliza zonse tiyi asanazizire. Ambiri amati awonjezera mphamvu ndi 15 mpaka 30 pa 100 iliyonse, ndipo kawirikawiri amawonjezeradi.

Mphamvuyo ilipo ndithu. Chimene anthu safunsa n'chakuti anaisiyiranji, ndipo ikatengedwa adzalipire ndani.

Ine ndine makaniko. Ntchito ndinaiphunzirira ku Blantyre pa injini zakale zija za pampu, za m'maminibasi ndi m'mapikapu amene mpaka lero akunyamula makala ndi anthu m'misewu ya kwathu. Injini zimenezo tinkazimva ndi khutu. Dalaivala akadandaula kuti galimoto sikukoka pamtunda, panali kasikuluwu pa pampu kamene munthu ankakapotokola pang'ono, mafuta n'kuwonjezeka, utsi n'kuda bii, dalaivala n'kuchoka akumwetulira. Aliyense ankaona ndi maso kuti galimotoyi aigwira, chifukwa utsi sunkabisa kanthu.

Nditafika kuno ndinapeza kasikuluwu kaja kulibe. Injini za dizilo za masiku ano ndi za mtundu wa common rail, umene unayamba kuikidwa m'magalimoto ang'onoang'ono mu 1997. Mafuta amakhala m'kapaipi kamodzi atapanikizidwa mpaka ma bar 2,000 kapena kuposa, pamene tayala la bakkie timalipopa ma bar awiri kapena atatu okha. Kuchokera m'kapaipiko, mainjekita amafaira mafutawo mu silinda kangapo pa kuphulika kumodzi. Woyang'anira zonsezi ndi kabokosi kotchedwa ECU, kakukula ngati buku la nyimbo za kutchalitchi. Kabokosika kamamva kuchuluka kwa mpweya wolowa, kutentha kwa madzi, liwiro limene injini ikuzungulira, ndi mmene phazi laponderera. Palibenso waya wochoka ku phazi kupita ku injini. Phazi lanu limangopempha. Wovomera kapena kukana ndi kompyuta.

M'kati mwa kompyutamo muli matebulo a manambala, ofanana ndi matebulo a kuchulukitsa aja a kuseri kwa kope la kusukulu. Tebulo lina limati injini ikamazungulira chonchi, phazi litaponda chonchi, thira mafuta akuti. Lina limauza turbo kuchuluka kwa mpweya woti ikankhe. Lina limaika malire: mphamvu yokokera isapitirire apa, kutentha kukafika apa chepetsa mafuta. Matebulo amenewa ndiwo amatchedwa mapu. Wotchuna amalumikiza laputopu pa kachibowo kamene kali pansi pa chiwongolero, amakopera matebulowo, amasintha manambala, n'kuwabwezera. Palinso njira ina, yoika kabokosi kachiwiri pakati pa kompyuta ndi injini kuti kazisintha mauthenga ali m'njira. Kodziwika kwambiri ka mtundu umenewu, Unichip, n'kochokera konkuno, ku kampani ya Dastek ya ku Pretoria.

Zonsezi ndinkaziona ngati nkhani ya anthu ena, aja amakokera maboti ku damu la Vaal pa Loweruka, mpaka pamene alamu anga anagula bakkie yatsopano.

Alamuwo, amuna awo a achemwali anga, ndi matransipota. Amatolera katundu wa Amalawi ku Mayfair, ku Fordsburg, ku Diepsloot ndi kwina kulikonse kumene anzathu akupanga lendi, n'kukatula kumudzi: mafiriji, mabedi, njinga, masola, zikwama za zovala za ana. Nthawi zina m'ngolo yokokedwa kumbuyo mumakhala bokosi la m'bale amene ulendo wake wa ku Joni wathera pompo. Njira yawo ndi imene tonse timaidziwa: N1 kudutsa Polokwane ndi Musina, kuwoloka pa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kulowa m'Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera mpaka Zobue, kenako Mwanza. Kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,700. Kwa zaka zambiri ankayenda pa magalimoto otha ntchito, ndipo ine ndinatopa n'kuwakonzera injini pa foni ali m'tchire. Tsono pamene banki inavomera kuwapatsa ngongole ya miyezi 72, tonse tinapumira m'mwamba. Ndalama yoyambira inachokera kwa achemwali, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg ndipo anakhala akuponya m'chipereganyu zaka zinayi.

Itangoyenda maulendo atatu, anabwera kugaraja tsiku lina madzulo titaweruka.

"Alamu," anatero, "ndapeza mnyamata woti aitsegule. Akuti muli mphamvu yambiri imene anaitsekera."

Ndinawafunsa kuti yawavuta pati. Anati siinawavute, koma ngolo ikadzaza imalemera pamitunda, ndipo kupitirira chilole pa msewu wa Masvingo kumatenga nthawi yaitali moti mtima umakhala m'malere. Anati anzawo amene anatchunitsa amafika pa Mwanza iwo akadali ku Moatize, ndipo makasitomala amakonda wofika msanga. Kenako anatulutsa mfundo imene anaikonzekera bwino. Toyota Hilux ya injini ya malita 2.8 imatulutsa 150 kW ndi 500 Nm, koma mu 2022 kampani yomweyo inatulutsa Hilux GR Sport, injini yake yomweyo, ikutulutsa 165 kW ndi 550 Nm, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanako ili mu kompyuta. Ngati opanga magalimoto amachita okha zimenezi n'kukweza mtengo, iwo alakwa chiyani kuchitira yawo pamtengo wotsika?

"Galimotoyi ndi yanga kapena ndi ya amene anaipanga?"

"Panopa ndi ya banki, alamu," ndinayankha. Tinaseka, koma onse awiri tinadziwa kuti funsolo silinayankhidwe.

Zimene ndinawafotokozera usiku umenewo, ndi mausiku ena otsatira, ndi izi. Wopanga galimoto sadziwa kumene galimoto yake ikathere. Mapu amodzi omwewo ayenera kugwira ntchito kwa mayi wopita nayo ku sitolo ku Sandton ndi kwa mlimi wa ku Northern Cape amene amaiwala kusintha oyilo. Choncho amasiya mpata pakati pa zimene injini ikuchita ndi zimene ingathe kupirira. Mpata umenewo amausiyira tsiku loipa, monga mmene kumudzi timasiyira chimanga m'nkhokwe poganizira February. Ndipo njira ya alamu anga ili ndi masiku oipa a mitundu yonse.

Poyamba pali kukwera kwa malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa ku Durban. Injini ya turbo siionetsa kufooka kwenikweni chifukwa turbo imazungulira mofulumirirapo kuti ikwaniritse mpweya umene ukusowa. Ndiye kuti galimoto isanatuluke n'komwe mu Gauteng, turbo yadya kale gawo la mpata wake. Wotchuna akaiuza kuti ikankhe mpweya wochulukirapo, akutapa m'nkhokwe yotapidwa kale.

Chachiwiri ndi kutentha. Amene anadutsapo pa Tete mu October kapena November akudziwa kuti kumeneko kutentha kumapyola madigiri 40. Kuchoka m'chigwa cha Zambezi kupita ku Zobue ndi mtunda wautali, ndipo galimoto imaukwera itasenza, ikukokanso ngolo. Mafuta ochuluka amatanthauza moto wochuluka mu silinda. Pa msewu wa mu tauni motowo umabwera kwa masekondi ochepa n'kuzizira pa roboti yotsatira. Pa mtunda wautali umangounjikana. Muvi wa pa dashibodi umaonetsa kutentha kwa madzi okha, suonetsa kutentha kwa utsi wotuluka mu silinda, kumene ndiko kumang'amba pisitoni ndi kupha turbo. Mapu a ku fakitale akaona kutentha kukukwera amachepetsa mafuta okha, galimoto n'kuoneka ngati yafooka. Kufooka kumene alamu ankadandaula nako pamitunda, mwa zina, kunali kompyuta ikuteteza injini. Wotchuna wosasamala amayamba n'kukweza malire amenewo, poti ndiwo amalepheretsa manambala ake kuoneka okongola.

Chachitatu ndi mafuta. Kumayambiriro kwa 2024 unduna woona za migodi ndi mphamvu kuno ku South Africa unalengeza kuti malo omwetsera mafuta 70 anapezeka akugulitsa dizilo wosakaniza ndi palafini. Palafini ndi wotsika mtengo poti alibe misonkho imene dizilo ali nayo, koma ndi wouma, safewetsa pampu ndi mainjekita monga amachitira dizilo. Ngati zimenezi zikuchitika pa mapampu enieni, nanga bwanji dizilo wa m'zigubu amene munthu amagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa kwathu, monga akhala akusowera kangapo kuyambira 2022? Injini ya mapu a ku fakitale ikhoza kumeza thanki imodzi yoipa n'kupulumuka. Imene yakankhidwa kale mpaka kumalire ilibe pothawira.

Chachinayi ndi katundu. Mphamvu yokokera ikawonjezeka, imadutsa pa kilachi yomweyo, giyabokosi yomweyo, ndipo oimitsa zonsezo potsetsereka ndi mabuleki omwewo. Remap siikulitsa chilichonse mwa zimenezi. Toyota ikawonjezera mphamvu pa galimoto yake imakhala itayesa, ndipo ikaphwanyika imalipira yokha. Mnyamata wa laputopu akamaliza amatenga ndalama yake n'kumapita.

Apa mpamene tinafika pa nkhani ya waranti, imene anthu ambiri kuno amaimva molakwika. Kuyambira pa 1 July 2021, malangizo a Competition Commission amalola mwini galimoto yatsopano kukaikonzetsa ku garaja iliyonse yoima payokha, ngakhale kuikamo zipangizo zosachokera kwa wopanga, popanda kutaya waranti yonse. Malangizo amenewa anatitsegulira khomo ife amakaniko ang'onoang'ono, ndipo ndimawayamikira. Koma sanena kuti wopanga alipire chimene chawonongeka chifukwa cha zimene munthu wina wasintha. Injini yotchunidwa ikafa, chinthu choyamba chimene amachita ku dila n'kulumikiza kompyuta yawo. Anyamata otchuna amati musadandaule, tidzabwezeretsa mapu akale musanapite nayo. Chimene satchula n'chakuti ma ECU ambiri amasunga chiwerengero cha nthawi zimene alembedwamo, komanso amakumbukira zina zimene injini inachita zimene mapu a ku fakitale sakanalola. A inshuwalansi nawo amafuna kuuzidwa galimoto ikasinthidwa mphamvu, ndipo wosawauza amawapatsa chifukwa chokanira tsiku la ngozi. Walira mvula walira matope: injini ikafera pa Nyamapanda, banki imadulabe ndalama yake mwezi ukatha.

Alamu anati nanga zoti galimoto yotchuna imamwa mafuta pang'ono? Nthawi zina zimatero, ikamayenda yopanda katundu ndipo phazi likakhala laulemu. Koma manambala a pa dashibodi amachokera mu kompyuta yomweyo imene yasinthidwa kapena kunamizidwa. Muyeso woona ndi wakale uja: dzadzani thanki, lembani makilomita, dzadzaninso, muwerengere nokha.

Pali mbali ina ya ntchitoyi imene imandiwawa kuposa zonse. Otchuna ambiri amagulitsa remap pamodzi ndi kutseka EGR, kavalavu kamene kamabwezera utsi wina mu injini kuti moto usatenthe kwambiri n'kupanga mpweya woipa wowononga mapapo. Pa magalimoto amene ali ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi, amaichotsanso n'kuuza kompyuta kuti iiwale zoti inalipo. Mwini galimoto amakhala m'kati, mawindo otseka. Opuma utsiwo ndi amayi ogulitsa zipatso pa renki ya Noord, alonda a m'malo oimika magalimoto, anyamata otsuka magalasi pa maroboti, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu akwathu. M'miyezi ya June ndi July, pamene utsi umagona pamwamba pa mzinda uno osasuntha mpaka dzuwa litakwera, sindifuna kuti dzanja langa likhale litawonjezerapo.

Komabe sindinganene kuti alamu analibe mfundo. Opanga magalimoto si angelo. Mu September 2015 boma la America linaulula kuti Volkswagen inaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu yozindikira kuti galimoto ikuyesedwa, n'kumachepetsa utsi woipa pa nthawi yokhayo; pamsewu utsiwo unkafika mpaka kuwirikiza ka 40 kuposa malire. Magalimoto okhudzidwa anali pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse. Chinyengo chachikulu kwambiri cha mapu a injini chinachokera m'fakitale, osati m'garaja ya ku Booysens. Ndiponso makompyuta a magalimoto atsopano akunka natsekedwa ndi maloko ovuta, moti makaniko wa pa Mwanza kapena ku Mangochi, waluso ndithu, amangoima n'kuyang'ana nyali yoyaka pa dashibodi. Munthu wolipira galimoto zaka 6 ali ndi ufulu wodziwa zimene zili m'kati mwake, ndipo makaniko aliyense ayenera kutha kuwerenga vuto n'kulikonza. Pa zimenezi ine ndi alamu tili mbali imodzi. Timasiyana pa chochita ukapatsidwa kiyi wa nkhokwe. Kukhala ndi kiyi si chifukwa chophikira mbewu.

Sindikunenanso kuti otchuna onse ndi akuba. Alipo amene amaika galimoto pa dyno, makina oyezera mphamvu matayala akuzungulira pamalo amodzi, amayeza kutentha kwa utsi, amafunsa kuti galimotoyi imagwira ntchito yanji, amawonjezera pang'ono, ndipo nthawi zina amakana. Munthu wa galimoto yoti ngongole inatha, waranti inatha, imayenda pafupi ndi tauni, akandifunsa ndimamulozera kwa oterowo. Ikamuvuta, adzaitanitsa galimoto yokoka n'kukagona kunyumba kwake. Chodabwitsa n'chakuti amene angathe kupirira remap ndi amene saifuna kwenikweni, pamene amene amailakalaka chifukwa cha ntchito, ngati alamu anga, ndi amene alibe pogwira ikawagwetsa.

Nkhaniyi sindinaithetse ndine. Anaithetsa ndi achemwali, tsiku lina Lamulungu titadya nsima kwawo ku Cosmo City. Anamvetsera tonse awiri mpaka kumapeto, kenako anayang'ana amuna awo.

"Bambo a ana, ngongole ikatha mudzachite zimene mukufuna. Panopa m'galimotomo muli zaka zanga zinayi zokolopa nyumba ya eni."

Alamu sanayankhe. Anasamba m'manja n'kutuluka panja, ndipo kwa milungu iwiri sanandiimbire. Atabweranso anabwera ndi galimoto kuti ndiione asananyamuke, ndipo tinagwirizana zinthu zing'onozing'ono zimene sizifuna laputopu. Ngolo azikaiyeza pa sikelo, katundu wopitirira muyeso adikire ulendo wotsatira. Pa Tete azidutsa m'bandakucha. Pamtunda azitsitsa giya msanga m'malo moponda mpaka pansi. Akafika pamalo, injini izilira kaye pang'ono asanazime kuti turbo izizire. Mafuta azithira pamalo akuluakulu odutsa malole ambiri, asunge malisiti, ndipo fyuluta ya dizilo tizisintha nthawi yake isanakwane. Amafikabe pa Mwanza mochedwerapo kuposa anzawo ena, ndipo kasitomala mmodzi kapena awiri anawathawa. Zimenezo amandikumbutsa.

Mkanganowu udzabweranso, ndipo tsiku lake tikulidziwa. Waranti ya galimoto yawo imathera pa makilomita 100,000 ngati zaka zake sizinayambe kutha. Ulendo umodzi, kupita ndi kubwera, ndi makilomita pafupifupi 3,500, ndipo amayenda kawiri pamwezi. Ndiye kuti waranti idzatha patangopita chaka ndi miyezi iwiri kapena itatu, ngongole itatsala ndi zaka zoposa zinayi. Alamu amati tsiku limenelo adzakhala mfulu. Ine ndimawauza kuti tsiku limenelo ndi pamene mpata wa m'injini udzakhale chinthu chokhacho choima pakati pa iwo ndi banki, popeza sipadzakhalanso wina wowalipirira.

Ndimamvetsa chifukwa chake mawu amenewa amawalowa movuta. Ambiri a ife kuno tinazolowera kukhala opanda chotsala. Munthu amagwira ntchito usana, usiku n'kukalondera; chipinda cha anthu awiri amagonamo asanu; malipiro amatumizidwa kumudzi tsiku lomwe alandiridwa. Ukauza munthu wotero kuti pali mphamvu imene ili chikhalire, yosagwiritsidwa ntchito, amaona ngati n'kuwononga, kapena ngati pali wina amene akumubisira. Sitinazolowere kukhala ndi chinthu chimene chili ndi nkhokwe yakeyake. Bakkie ija mwina ndi chinthu choyamba m'banja mwathu chimene chinabwera ndi chotsala, ndipo chibadwa chathu n'chofuna kuchitapa msanga.

Palinso munthu wina amene sanakhale nawo pa zokambirana zathu. Magalimoto a matransipota ambiri akakalamba amathera kwathu. Bakkie imeneyi tsiku lina idzagulidwa ndi munthu wa ku Ntcheu kapena ku Balaka, wogulitsa mbatata kapena wonyamula odwala kupita nawo kuchipatala. Adzayang'ana matayala, adzamvetsera injini, adzasuzumira pansi kuona ngati ikudontha oyilo. Kale akanaona utsi n'kudziwa kuti pampu inagwidwa. Mapu saoneka ndi maso, ndipo palibe chikalata chimene chidzamuuze kuti manambala a m'kabokosi kaja anasinthidwa pabwalo lina ku Johannesburg zaka zisanu zapitazo. Iye adzalandira injiniyo monga ilili, ndi chilichonse chimene tidzakhale titamusiyira m'kati.